Mthiko wa Mayi a Tadala ndi Mfuti ya a Mwale

Mpaka lero kunyumba kwathu ku Edmonton, kuno kudziko la Angerezi, mawu akuti mfuti satchulidwa pa nthawi ya chakudya, ndipo wolakwa ndine.

A Mwale, mkulu wa kutchalitchi kwathu ku Tottenham, anabwera kuno kalekale pothawa ndale. Ali ndi mfuti yowombera timbale tadothi toponyedwa m'mwamba, masewera omwe anandiphunzitsa mpaka anandilowa m'magazi. Maso awo atayamba kuchita chidima, anandiuza kuti: "Mwana wanga, peza layisensi uitenge. Apo ayi ndikaisiya kupolisi akaiduledule."

Mfuti yabwinobwino kuidula ngati nkhuni? Ndinalumbira kuti sizitheka.

Vuto linali limodzi. Kachubu kosungira zipolopolo ka mfutiyo kamalowa zisanu, pomwe layisensi yosavuta kupeza imalola ziwiri zokha. A Mwale anati tiipereke kwa mmisiri wa mfuti. Ine ndinati zachibwana (kwathu ndinkakonza ndekha njinga ndi wayilesi, ndiye ndimadziona ngati injiniya). Ndinaganiza zongosema kamtengo kolowetsa m'chubumo kuti malo achepe.

Koma mtengo muupeza kuti mufulati? Ndinayang'ana mopu, ndi wapulasitiki. Kenaka maso anagwera pa mthiko wa mayi a Tadala, akazi anga, womwe anawapatsa amayi awo ku Ntcheu. Iwo ali kushifiti kuchipatala, ndinaudula chakumchira, n'kuupala bwinobwino. Wotsalawo ndinauponya kuseri kwa firiji. Anaufunafuna sabata yonse, ine ndikuthandiza nawo kufuna (ndinafika posuzumira ndi pansi pa bedi).

Tsiku lofunsidwa mafunso a layisensi linakwana. Kunabwera wapolisi wachizimayi, waulemu wake. Anagwedeza kabati yachitsulo yosungiramo mfuti yomwe ndinakhomera kukhoma, anakhutira. Apa m'pamene ndinatulutsa kamtengo kanga monyadira, n'kufotokoza nzeru yonse.

"Kamatuluka?" anafunsa.

"Mosavuta, bwana! Kungokoka basi."

"Ndiye mfutiyo ndi ya zisanu."

Ndinalimbikira. Ndinati kakakhala m'katimo zimalowa ziwiri, tiwerenge limodzi. Iye anati lamulo siliwerenga zomwe zalowa lero, limawerenga zomwe zingalowe mawa ndikakachotsa. Chubucho chiyenera kufinyidwa ndi mmisiri mosabwezeka, n'kudindidwa chidindo. Ndinati nanga ndikamata ndi guluu? Anandiyang'ana ngati mwana wodwala.

Kenaka anapempha kulankhula ndi akazi anga, poti amafunsanso a m'nyumba. Mayi a Tadala analowa ndi tiyi, maso n'kutera pa tebulo. Anakanyamula kamtengo kaja, kukatembenuza, kukanunkhiza.

"Bambo a Tadala, uwu si mthiko wanga?"

Ndinayamba kuthira tiyi mwachangu.

"Mayi, kodi amuna anu ali ndi chizolowezi chobisa zinthu?" anafunsa wapolisiyo.

"Ofesala, lembani. Munthu uyu anafuna nane mthikowu wiki yonse. Mpaka anati mwina landilodi watenga."

Ndinachita manyazi oti ndikanalowa m'kabati yachitsulo ija n'kudzikhomera. Wapolisi analuma mlomo kuti asaseke, koma analemba ndithu.

Layisensi sinabwerebe. Sindinagonje ayi. Ndinagwada kwa a Mwale n'kuvomera nzeru yawo ija, ndipo mfuti ili kwa mmisiri, ikufinyidwa mwalamulo. Ndapempha kuti apolisi adzabwerenso, koma mayi a Tadala akuti adzawayankha bwino pokhapokha mthiko wina utafika kuchokera ku Ntcheu, wosemedwa ndi munthu yemwe anasema woyamba uja. Munthuyo ndamufufuza, akuti anasamukira ku Mozambiki. Ndikumusakabe.

Boma la Angerezi likhoza kundilola zipolopolo ziwiri. Kunyumba kwanga sanandilole ndi chimodzi chomwe.