Mchere Wokana Kusungunuka

Lolemba
Madalitso, amene tinkaphunzira naye kemisitiri ndisanasiye yunivesite, pano ndi Dokotala wa sayansi. Akufuna womuthandiza mu labu. Akuti adutsa Loweruka popita ku Muloza, ndimuonetse ngati mutu ukadalipo. Ulipo. Ndimuonetsa kuchotsa zitsulo m'mabatire akufa a foni pogwiritsa ntchito mchere wosungunuka pamoto. Zida: mbaula, chitini, mvukuto wobwereka kwa a Nampinga osula makasu, mabatire otola ku Chitakale. Mtima suli m'malo.

Lachiwiri
Mchere wa ndiwo sukusungunuka. Pawokha umafuna moto woopsa, koma ukausakaniza ndi potashi umagonja msanga. Potashi kuno ndi chidulo basi. Ndikuwotcha makoko a nthochi, kusefa phulusa, kuphwetsa madzi mpaka ufa. Alamu anga, akazi a achimwene: "Anthu a sukulu mwayamba kuphika?"

Lachitatu
Chiperoni tsiku lonse. Mchere wakoka chinyezi, ndipo wonyowa ukatentha umathetheka. Wathetheka. Nsidze yakumanzere yapita.

Lachinayi
Choyezera kutentha ndilibe. Cha kuchipatala chimathera pa malungo. Ndikuyeza ndi maso: chitini chikafiira ngati phwetekere, ndiye kuti tayandikira. A Nampinga akufuna mvukuto wawo. Ndawauza kuti dziko linadikira sayansi zaka zambiri, khasu lingadikire.

Lachisanu
Wasungunuka! Mbee, ngati madzi. Kenako wadya chitini, wonse watsikira m'makala. Chidulo chatsala mbale imodzi. Malo ouma pakhomo pano ndi pansanja ya kukhitchini pokha. Ndachiika pamenepo.

Loweruka
Madalitso wafika pagalimoto, akuyang'ana nsidze yanga osafunsa. Ndikuthamangira pansanja. Mbale ya chidulo ija yotsukatsuka. Alamu: "Mlendo ngati ameneyu angadye therere la soda wa m'golosale?" Dokotala wapempha mbale yachiwiri. Ine ndikufotokoza za mchere ndi manja, mabatire ali ndii m'chigubu. Iye: "Ndikuimbirani, achimwene." Kwa alamu: "Therere ili lokha, amayi, sindinalionepo."

Lamulungu
Sanaimbe, walemba: ntchito ija akuti ikufuna wa digiri. Mvukuto ndabweza. Alamu alengeza za therere lija kutchalitchi, amayi a mvano akufuna chidulo. Ndikuwotchanso makoko. Koma ndikusefa kawiri, monga zimayenera mu labu. Zoti iwo sangadziwe kusiyana kwake si mlandu wanga.