Galoni Imodzi, Kupita ndi Kubwera

Bondo langa lakumanzere limalira kukangochita mitambo, ndipo ana anga amadziwa kuti ndinavulala pa mpira ndili mnyamata. Lero ndiulule, mpira sindinaumenyepo ine. Bondo limeneli linathera pa msewu wa ku Embangweni, ndipo analipha si munthu wina ayi, ndi pakamwa pangapa.

Ndinali mlangizi wa ziweto pa Boma la Mzimba, mwana wa ku Ntchisi woponyedwa kumpoto ndi kalata ya ntchito. Anthu ankangonditchula kuti bwana wa dibi, poti ntchito yanga yaikulu inali kuyendera madibi osambitsira ng'ombe. Inali nthawi ija ya chipani chimodzi, pamene ngakhale mchere pamsika unkagula utayamba waonetsa khadi. Zaka zimenezo petulo ankavuta kwambiri, nkhondo ya kwa anansi athu itatseka njanji. Ankavuta, koma sankasowa. Mawu akuti kusowa anali ndi eni ake, ndipo wowatchula pagulu ankatengedwa kuti akawafotokoze bwino kumalo kumene anthu sabwerako msanga.

Ndiye tsiku lina ku ofesi kunabwera njinga yamoto ya matayala atatu, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo, pamwamba pa awiriwo pali kangolo konyamulira zigubu za mankhwala a dibi. Anzanga anaipatsa dzina loti Mafuwa tsiku lomwelo. Bwana wathu, a Kamwendo, anandipatsa makiyi pamodzi ndi kabuku kake ka Chingerezi, n'kundiuza kuti ndikawerenge konse. Ndinawerenga tsamba limodzi. (Musandiweruze, linali tsamba lokoma, lokhala ndi chithunzi cha munthu wowonda akumwetulira pa msewu watala wosalala.) Patsambapo analemba mtunda umene njingayo imayenda ndi galoni imodzi ya petulo. Nditawerengera pa zala ndinapeza kuti ndi kupita ku Embangweni ndi kubwerako, n'kutsalanso kadontho.

Panakonzedwa mwambo woilandira, chifukwa masiku amenewo ngakhale wilibala ikabwera ku ofesi amayi ankavina. Mlendo wolemekezeka anali a Zgambo, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, bambo wa thupi lake, amene mpando wa eni ankayamba waugwedeza ndi dzanja asanakhalepo. Ine ntchito yanga inali yongoiliza njingayo kuti anthu amve. Koma nditamva nthungululu zija mutu unakula. Ndinakweza mawu n'kuuza khamu lonse kuti njinga iyi mafuta siimwa, imangowanunkhiza, galoni imodzi Embangweni kupita ndi kubwera. A Kamwendo anandiponda phazi, koma mawu anali atatuluka kale.

A Zgambo anawatola mawu angawo n'kuwaveka jekete. Anati umenewu ndi umboni wa nzeru za Mwini dziko, amene anaona patali n'kutitumizira njinga yosadya mafuta, kuti achite manyazi onse onong'onezana m'makona kuti m'dziko muno mafuta akusowa. Amayi anaimba nyimbo pompo, ya galoni imodzi. Kuyambira tsiku limenelo galoni ija inatuluka m'kabuku n'kulowa m'chipani, ndipo kuitsutsa kunali kutsutsa boma.

Sabata isanathe uthenga unafika. A Zgambo anali ndi msonkhano Loweruka masana pabwalo lina kufupi ndi Embangweni, ndipo ankafuna kukafika pa njinga yotchukayo kuti anthu akumudzi akaone okha. Loweruka m'mawa a Kamwendo anathira okha galoni imodzi pamaso pa a Zgambo, n'kugwedeza chigubu kuti aone kuti mulibe chotsala. Kenaka anandikokera kuseri kwa ofesi.

"Achimwene, mukawachedwetsa bambo awa, kapena mukakatsegula pakamwa n'kunena kuti mafuta atha, ine sindikudziwani. Ntchito muiiwale, ndipo mupemphere kuti zithere pa ntchito pomwepo."

Kunyumba ya boma ndinali nditasiya mkazi ndi khanda la miyezi itatu. Ndinachita mantha. Ndinaganizapo zobisa botolo la petulo m'jekete, koma ndikanamupeza kuti? Pampu ya m'tauni inali itauma masabata awiri. (Pepani, inali ikupuma.)

A Zgambo sanabwere okha. Anabwera ndi mpando wawo wa mlombwa, wamanja, woti amuna awiri anyamule. Tinaukweza m'kangolo, iwo n'kukhalapo. Tayala lakutsogolo linadzuka pang'ono ngati likufuna kuona amene wakwera. Ndinadzilimbitsa mtima kuti kabuku kanalembedwa ndi anthu ophunzira, sangaiwale zoti padziko pali anthu onenepa.

Tisanatuluke m'tauni tinapeza a NyaTembo, mkulu wa amayi ovina, ataima m'mbali mwa msewu ndi ng'oma yaikulu. Lole imene inkayenera kuwatenga nayonso inali ikupuma. A Zgambo anandigwira paphewa kuti ndiime, n'kuwauza mayiwo m'Chitumbuka kuti njingayi siidya mafuta.

"Kwerani mama, njinga iyi yikurya mafuta yayi."

Anakwera, iwo ndi ng'oma yawo, ndipo a NyaTembo nawo sanali munthu woti mphepo ingamuulutse. Pamudzi wachiwiri anthu anatiimitsa ndi mbuzi, mphatso yopita kwa Mwini dziko kudzera mwa a tcheyamani. Mphatso yotere ndani angaiuze kuti malo atha? Anaimanga miyendo n'kuigoneka pamapazi a NyaTembo. Pamudzi wachitatu anawonjeza dengu la mazira. Ndipo paliponse pamene tinaima a Zgambo ankandiletsa kuzimitsa injini. Ankati ndiziiliza mwamphamvu kuti anthu amve chitukuko, iwo akupereka moni kwa aliyense, kufunsa za ana, za ng'ombe, za amene sanagulebe khadi. Ine ndinkangomva petulo wanga akupsa titaima malo amodzi.

Nanga msewu! Amene anauyendapo nthawi yachilimwe akudziwa mchenga wake. Matayala akumbuyo ankatitimira, Mafuwa akubuula pa giya yoyamba, kukwera chitunda, kutsika, kulowanso mumchenga. Giya yachitatu ndinangoilawa kamodzi pa kamlatho. Munthu wowonda wa m'kabuku uja ndinamutukwana mumtima, iye ndi msewu wake watala, ndi amene anamujambula.

Titatsala mwina mamailosi anayi kuti tifike, Mafuwa anatsokomola. Phu. Phu. Phuuu. Kenaka zii. Kunangomveka mbuzi.

Ndinaponda chopondera cholizira kasanu, kakhumi, thukuta kamukamu. Ndinatsika n'kuyamba kugwiragwira mawaya ngati ndikudziwa chimene ndikufuna. A Zgambo, ali pampando wawo, anafunsa motsitsa mawu ngati mafuta atha.

"Bwana wa dibi, kasi mafuta ghamara?"

A NyaTembo anali atatchera khutu, ndipo amayi a chipani masiku amenewo khutu lawo linkafika mpaka ku likulu. M'maganizo ndinaona mkazi wanga akukweza katundu pa lole ndi mwana kumsana.

"Ayi bwana, mafuta alimo ambiri. Njinga ikungopuma."

"Yewo. Mwayowoya makora."

Ndiko kuti ndayankhula bwino. Iwo ankadziwa, ine ndinkadziwa, ndikhulupirira ndi mbuzi yomwe inkadziwa, koma panalibe woti anene. Tsono vuto la bodza labwino ndi lakuti uyenera kulisenza. Poti mafuta alimo, panalibe chifukwa choti a tcheyamani atsike, ndipo munthu wa udindo wawo sangafike pamsonkhano wapansi, fumbi lili m'masokosi. Anayang'ana wotchi yawo, n'kundiyang'ana ine. Ndinavula jekete, ndinagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, lina pa kangolo, n'kuyamba kukankha.

A NyaTembo anandimvera chisoni n'kutsika, Mulungu awadalitse kumene ali. Koma titayamba kukumana ndi anthu opita kumsonkhano komweko, a Zgambo anaona kuti zikuoneka moipa. Analamula kuti mayiwo azitsogola akuimba ng'oma, kuti anthu aziyesa kuti ndi mmene mwambo wakonzedwera. Ndipo zinagwira, abale. Amayi a m'midzi anayamba kulowa pamzere, nyimbo ya galoni imodzi n'kuyambika, a Zgambo akubayibitsa dzanja pampando, mbuzi pamapazi, mazira pamiyendo. Woti andithandize kukankha panalibe. Ukathandize bwanji njinga imene siinawonongeke?

Pa chitunda china miyendo inandithera. Mafuwa anayamba kubwerera chambuyo, kulunjika ku chigwembe cha m'mbali mwa msewu. Ndinaganiza mwachangu kuti kugwetsera tcheyamani m'chigwembe, pamodzi ndi mazira a Mwini dziko, ndi nkhani yothera kwa ng'ona. Ndinathamangira kumbuyo n'kutchinga kangolo ndi bondo. Ndinamva kuti khwa! Misozi inatuluka yokha, ndipo mayi wina pamzere paja anauza mnzake kuti taonani mwana wa ku Chichewa uyu mmene akulikondera chipani.

Pamwamba pa chitundacho, pansi pa mtengo, panali bambo wina wachikulire akumata chubu cha njinga yakapalasa. Pambuyo pake ndinamva kuti ndi a Soko, amene anakhala zaka zambiri ku Joni akugwira ntchito m'galaja. Anandipatsa moni n'kufunsa chimene chavuta. Ndinati palibe, njinga ikupuma. Anaseka chamumtima, nati ku Joni nakonso zinkapuma choncho. Anapukuta manja, n'kupisa dzanja kunsi kwa thanki, kumene kunali kampopi kakang'ono kamene ine ndinkayesa chokongoletsa. Anakapotoza. Anandinong'oneza m'Chichewa chawo cha Chitumbuka kuti njinga zotere zimabisa mafuta pang'ono pansi pa thanki, monga mayi amabisira kaufa ka alendo, ndipo ukapotoza kampopi mbwenu amatuluka.

"Tchayani sono, dada."

Ndinaponda ndi mwendo wamoyo uja. Kachiwiri, Mafuwa analira. Madzulo ake nditatsegula kabuku ndinapeza kampopi kaja katajambulidwa bwinobwino pa tsamba lotsatira lenileni, kuseri kwa munthu wowonda uja. Safunsa anadya phula, koma ine ndinadya phula buku lili m'thumba.

A Zgambo anaimirira m'kangolo mwachimwemwe, akuuza anthu kuti mwaona, mafuta ghalipo. Kenaka chimwemwe chinazilala pang'ono, anandiyang'ana n'kufunsa kuti nanga ngati mafuta analimo, ndawakankhiranji mamailosi awiri padzuwa. Apa ndiye panali pofera. Ndinayankha kuti ndimasunga mafuta a boma, bwana. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nati achinyamata onse akanakhala otere dziko likanapita patali.

Tinalowa pabwalo nthawi ili bwino, injini ikulira, ng'oma ikulira, bondo likulira. Pamsonkhano a Zgambo anandiimiritsa kutsogolo, ndikutsimphina, n'kulengeza kuti galoni imodzi yanyamula anthu atatu, mpando, ng'oma, mbuzi ndi mazira, ndipo ibwereranso ku Boma ndi galoni yomweyo. Iwo eni ake anabwerera pa lole ya fodya imene inapezeka mwamwayi, atakhala kutsogolo.

Kaufa ka alendo kaja kanandithera ndisanapitirire pa mtengo wa a Soko. Bambowo anandigoneka kwawo, n'kunditsira bondo ndi madzi otentha, ndipo m'mawa mwake anandipezera ngolo. Tinawakweza Mafuwa n'kuwafunditsa udzu kuti asaoneke. Ndinabwerera ku Boma ndikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri zimene ndinkazisambitsa ndekha pa dibi, ndipo imodzi inkangotembenuka kundiyang'ana. Tauni itayandikira tinatsitsa njinga pa thengo, ndinaikankha mpaka pa chitsetso, n'kulowa pa ofesi ndili pachishalo ngati munthu amene wangozimitsa injini.

Ntchito inapulumuka. Lolemba kunabwera kalata yochokera kwa a Zgambo, yondiyamikira ine ndi njinga. A Kamwendo anaiwerenga mokweza pamaso pa onse, anzanga akuwomba m'manja. Atatha anaipinda bwinobwino n'kunena kuti popeza zatsimikizika pamaso pa chipani, kuyambira lero ulendo uliwonse wa ku madibi a ku Embangweni ndizipatsidwa galoni imodzi. Ndinatsegula pakamwa.

"Pali chimene mukutsutsa, achimwene?"

Ndinatseka.

Ku Mzimba ndinakhalako zaka zina zinayi, ndipo madibi a kumeneko ndinkawayendera kawiri pa mwezi. Kupita ndinkapita pa njinga, kubwera njinga inkabwera pa ine. Mwini ngolo uja anafika pomandidikirira pa mtengo wa a Soko osaitanidwa, udzu atamweta kale. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo wanga unanditsata mailosi iliyonse ya msewu umenewo.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kusunga pakamwa. Chaka chathachi mkamwini wanga anagula njinga ya matayala atatu, izi zadzaza m'matauni masiku ano zonyamula katundu. Anabwera nayo kudzandionetsa, akudandaula kuti ikumwa mafuta kuposa mmene wogulitsa ananenera. Atamva kuti ndinayendetsapo yotere kale, anandifunsa pamaso pa ana anga onse kuti yanga inkayenda bwanji pa galoni. Apa mpamene ndikanamuuza za mchenga, za katundu, za kampopi, mwana wa eni apulumuke. Ndinakhosomola, n'kukhala bwino pampando.

"Embangweni," ndinatero. "Kupita ndi kubwera."

Bondo linalira pomwepo, ndipo ndinawauza kuti kukubwera mvula.