Mchenga wa m'foni ndi mchenga wa pakhomo

Tamanda, khala bwino ulembe. Ine sukulu ndinkangoidutsa popita kudimba, ndiye cholembera ndi chako, pakamwa ndi panga. Usakonze mawu anga ayi. Anthu amve mmene ndinadzichotsera ulemu pakhonde panga pomwe, ndi manja anga omwe.

Nkhaniyi iyambira kwa amuna anga, a Ngozo. Ali mnyamata anapita ku Blantyre kukafuna ntchito, nakapeza yonyamulira azungu thumba la ndodo kumene amasewera gofu. Sanakhalitseko, koma nkhani yake yakhalitsa kuposa denga la nyumba yathu. Pachinkhoswe, gofu. Paukwati, gofu. Ngakhale pamaliro, nyimbo ikangoduka pang'ono mumva, "Nthawi imene ndinali ku gofu..." Kuno ku Tsangano aliyense amadziwa kuti mpira wa gofu ndi waung'ono ngati mbatatesi ya mbewu, chonsecho palibe anauonapo.

Ndiye mdzukulu wathu, yemwe akulembayu, anabwera kutchuthi kuchokera kuntchito kwake ku Lilongwe ndi foni yaikulu ngati chikhatho cha mwamuna. M'menemo muli masewera a gofu. Anawaonetsa agogo ake aamuna kuti asangalale. (Ulembe kuti unayambitsa ndiwe, usadumphe.) A Ngozo anakhala pakhonde kuyambira m'mawa, lilime lili panja, mbatatesi zikudikira wozikumba.

Ndinati, "Kodi a Ngozo, gofu imene mwatigonthetsa nayo makutu ndi imeneyi? Kukankha kampira ndi chala? Izi ngakhale ine ndingathe."

"Amayi, gofu si kupalira."

"Nanga ndikakuposani?"

Anandiyang'ana, naika foni pabondo. "Mukandiposa, nkhani ya gofu ndiisiya mpaka kumanda. Koma ndikakuposani ine, ndikamaifotokoza pagulu muzivomera kuti, 'Zoonadi a Ngozo.' Mokweza, osati cham'mphuno."

Loweruka lake kunali ukwati wa mwana wa mng'ono wanga ku Nzama. Ndinaganiza za ukwati umodzi wokha m'moyo wanga wopanda gofu. Ndinavomera msangamsanga asanasinthe maganizo.

Tamanda anandilongosolera. Umakoka chala chammbuyo pagalasi la foni, kenako n'kusiya. Ukakoka kwambiri, mpira upita kutali. Uyenera kukalowa m'kadzenje kamene pali mbendera, ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa. Anayambanso kunena kuti, "Agogo, mpira ukagwera mu udzu wautali kapena mumchenga, mtunda wake sukhala umene mukuuona ndi maso, chifukwa..."

"Iwe," ndinamudula, "nthaka ndinayamba kuidziwa amako asanabadwe."

A Ngozo anayamba. Anamenya, namenyanso, mpira n'kulowa. Anandipatsa foni ndi manja awiri, ngati akupereka mphatso kwa apongozi.

Kumenya kwanga koyamba kunali kwabwino, sindinama. Mpira unauluka n'kukaima pakapinga wamfupi. Kutsogolo, kufupi ndi mbendera, ndinaona malo awiri. Uku udzu wakuda wothithikana. Uku poyera mbee, posalala, ngati pabwalo pa mkazi waukhondo amene wasesa kusanache. Tsono inu amene mukuwerenga, mkazi wanzeru angasankhe pati? Kuudzu kumakhala njoka. Ndinaloza poyera paja mwadala, ndipo sindinaphonye. Mpira unagwa phwa, theka n'kukwiririka.

A Ngozo anatsokomola. (Chifuwa chimenecho ndimachidziwa. Ndi kuseka kwa mwamuna amene akuopa kugona ndi njala.)

"Amayi, mumchengamo pamafunika..."

"Ndakufunsani?"

Ine nzeru zanga zinali izi. Khasu mumchenga limangolowa lokha, ngakhale mwana akumba. Ndiye pofewa chonchi mphamvu n'zachiyani? Mbendera nayo inali pafupi, ngati kuchoka pakhonde kufika pankhokwe. Ndinakoka chala pang'ono pokha. Mpira unadumpha, n'kugunda kamtumbira ka m'mphepete mwa mchengawo, n'kubwerera pamene unachoka, ngati nkhuku imene waipirikitsa paufa. Ndinayesanso. Unabwereranso. Kamunthu komenya mpira ka m'fonimo kanagwira mutu ndi manja awiri, mwano wake.

Tamanda ananong'ona, "Agogo, mchenga umadya mphamvu. Muzikoka ngati mbendera ili kutali kuposa pamene ili."

Ndinachita ngati sindinamve, koma ndinawonjezera. Mpira unatuluka ndithu. Unatuluka n'kukagwera mu udzu wa njoka uja ndinauthawa poyamba, n'kubisala, kumangooneka kamutu.

Apa n'kuti a Ngozo atandiposa kale, koma iwo anati, "Ukalowa pano, tingoti mwapambana ndinu." Ankadziwa chimene ankachita, nkhalamba imeneyi.

Ndinauyang'ana udzu uja. Umenewu ndiye ndimaudziwa. Ndi mphanje. Munda watsopano wa udzu wotere suunyengerera, umafuna msana wonse. Tamanda ankati, "Pang'ono pokha agogo, mbendera ili pafupi, mungowonjezera pang'ono." Koma mwana wa m'tauni angandiuze chiyani za mphanje?

Tsono munthu akafuna kugwira khasu pamphanje amayamba watani? Aliyense wa kuno akudziwa. Ndinaika foni pachitenje, ndinalavulira m'manja, ndinatikita bwinobwino, n'kuitolanso. Sindinaganize n'komwe, manja anangochita zimene akhala akuchita moyo wanga wonse. Ndinaima. Ndinakoka chala mpaka kumapeto kwa galasi, ndipo mapewa nawo anakumbukira khasu, anatsatira.

Foni inapulumuka m'manja ngati mlamba.

Inadutsa pamwamba pa mutu wa a Ngozo, inadutsa nkhuku, inadutsa chingwe choyanikapo zovala. Pabwalo pathu panali mulu wa mchenga umene tinatuta kumtsinje woti tipakire khitchini. Foni inakazikika m'menemo choimirira, ngati chikwangwani cha pamanda.

Tamanda anathamanga osavala ndi nsapato zomwe. Ataizula anapeza ikuyakabe, ndipo mpira wanga wa m'katimo unali utadumpha mbendera, utadumpha mitengo, n'kukagwera m'dziwe la madzi limene sindinkadziwa n'komwe kuti liliko.

A Ngozo anadzuka pang'onopang'ono, natenga ndodo yawo, nayenda mpaka pamulu paja. Anayang'ana kumene ndinaima, nayang'ana pamene inagwera foni, nagwedeza mutu ngati munthu wodziwa ntchito.

"Mtunda wake ndi wabwino, amayi. Koma mwagweranso mumchenga."

M'mawa mwake ndinaperekeza Tamanda kumsika kwa a Saidi okonza mafoni. Anaitsegula, nauzira, mchenga n'kumagwera patebulo. Anafunsa, "Ndi mwana uti wachita zimenezi?" Ine ndinati, "Ana a masiku ano, bambo." Tamanda anayang'ana kudenga. Foniyo inachira, kungoti munthu akamayankhula m'menemo amamveka ngati akutafuna mtedza.

Loweruka linafika. Ku Nzama anthu anadzaza, achibale onse, azilamu, ngakhale amayi a kutchalitchi kwathu. Titakhuta, ndinaona a Ngozo akukonza kolala ya jekete.

"Nthawi imene ndinali ku gofu..."

"Zoonadi a Ngozo," ndinatero, mokweza monga tinapanganirana. Mng'ono wanga anandiyang'ana ngati ndadwala.

Anafotokoza zonse za masiku onse, thumba lolemera, mzungu wamphuno yofiira, mpira umene unagwera m'chisa cha mbalame. Ine kumangovomera. Ndinkaganiza kuti zithera pomwe zimathera. Koma nkhani ija inali itamera mchira.

"Ndaona akatswiri ambiri," anatero. "Koma woponya patali ngati akazi angawa sindinamuone. Ena amaponya mpira wokha. Awa anaponya bwalo lonse, ndi mbendera yomwe."

Kenako anatembenuka, nandiyang'ana, nadikira. Ukwati wonse unadikira nawo. Pangano ndi pangano.

"Zoonadi a Ngozo."

Mkwatibwi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chophimba kumutu chake.

Ndiye lemba phunziro lake, anthu asati ndakalamba chabe. Poyera si pabwino nthawi zonse. Mchenga wa m'foni umaoneka wofewa koma umadya mphamvu, uziwonjezera ndithu. Udzu nawo uziwonjezera, koma pang'ono, si mphanje ayi. Ndipo malovu ndi a khasu basi.

Wamaliza? Agogo ako aamuna apita kumunda, sabwera msanga. Bwera nayo kuno foniyo, manja ndapukuta, taona. Dzenje lija ndikulidziwa tsopano. Koma iwe kaime cha pamulu wa mchenga paja, mwina mwake.