Zigumu Zitatu M'kalasi ya Masamu

Anzanga amene ndinali nawo ku koleji ya aphunzitsi amakonda kuifotokoza nkhaniyi mothira mchere. Ena amati ndinathawa pasukulu, ena amati makolo anandithamangitsa ndi nkhafi. Zonsezo n'zabodza. Zimene zinachitikadi n'zochepa, koma ine zimandichititsa manyazi kuposa mabodza awowo, ndiye bola ndinene ndekha.

Ndinali nditangotha miyezi iwiri pasukulu ina ya pulayimale kupitirira Malindi, panjira yopita ku Makanjira. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinafika ndi sutikesi ya zovala ndi katoni ya mabuku onena za kaphunzitsidwe kamakono, onse nditawawerenga, ena kawiri. Ana a Sitandade 6 ankadana ndi masamu. Belu la buleki likangolira, anyamata ena ankatsikira kudoko kukayanika usipa osabwereranso. Mayi Kalonga, amene anagwira kalasiyi zaka zambiri, ankalemba pabolodi, ana n'kumabwereza mokweza, maso ali pazenera.

Pamsonkhano wa aphunzitsi ndinaimirira, ine wa miyezi iwiri, n'kunena kuti mwana sathawa masamu, amathawa kutopetsa, ndipo phunziro labwino ndi limene mwana waligwira ndi manja, walinunkhiza, mwinanso walilawa. Mayi Kalonga anangoyang'ana zikhadabo zawo. Ahedi athu, a Mdoka, munthu wofatsa wosakonda mikangano, anati:

"Chabwino. Lolemba mudzaphunzitse mafulakishoni, za mahafu ndi makota, tonse tidzaonerera, pamodzi ndi Abiti Mussa a komiti ya makolo. Ana akadzasangalala n'kumva, masamu a Sitandade 6 ndi anu chaka chonse. Zikadzakanika, muzidzakhala kumbuyo kwa kalasi ya Mayi Kalonga ndi kope lanu, n'kumaphunzira."

Ndinavomera, n'kupempha chinthu chimodzi chokha: pasadzapezeke wondidula mawu kufikira belu litalira. Ndani anandituma kupempha zimenezo?

Lachisanu ndinapita ku Balaka kumene kunkakhala mkazi wanga, ndipo Lamulungu madzulo anandiphikira zigumu zitatu zazikulu, zozungulira bwino, nthochi osaumira. Nzeru yanga inali yosavuta: chigumu chimodzi ndi chinthu chathunthu, ukachidula pakati wapeza hafu, ukadulanso wapeza kota, ndipo mwana wokhoza funso adya yankho lake. Lolemba m'mawa ndinakwera matola katoni ili pamiyendo, ndikumwetulira ndekha ngati munthu wobisa mphatso.

Nditafika pasukulu ndinaona kuti amayi ogulitsa mandasi pansi pa mtengo wa mango kulibe. Ndinati mwina ufa wakwera mtengo. Mu ofesi ketulo ya tiyi inali yozizira, makapu atavundikiridwa. Ndinati mwina shuga watha. Ine amene ndikanatha kukutchulirani nsanamira zisanu za Chisilamu osapumira, chifukwa ndinaziwerenga m'buku, sindinadziwe kuti mwezi unali utaoneka Loweruka ndili ku Balaka, ndipo tsikulo linali lachiwiri la Ramazani. Pafupifupi kalasi yonse inali itafunga, kunena kuti osadya osamwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa.

Phunziro linayamba cha m'ma leveni, malata akutentha. Ana oposa makumi asanu ndi limodzi anakhala pansi m'magulu atatu monga ndinawakonzera. Kumbuyo pabenchi panakhala ahedi, Mayi Kalonga, aphunzitsi ena awiri, ndi Abiti Mussa atafunda mpango wawo woyera. Ndinaika katoni patebulo, n'kuitsegula pang'onopang'ono, popeza mabuku amati mphunzitsi azidzutsa chidwi. Fungo la nthochi linadzaza chipinda chonse.

"Ana inu, lero masamu tidya!"

Zii. Yusufu, mnyamata wamtali amene ankakhala kutsogolo chifukwa chovuta, anameza malovu n'kutembenukira kukhoma. Ndinati ndi manyazi a alendo.

Ahedi anatsokomola n'kuimirira. "Aphunzitsi, pepani, mwina tikanangotuluka panja pang'ono tinong'onezane..."

"Ahedi, tinapangana. Mpaka belu."

Anakhalanso pansi. Mpaka lero ndikakumbukira mawu anga amenewo makutu amanditentha.

Ndinatenga mpeni n'kudula chigumu choyamba pakati. "Wokhoza funso, chidutswa ndi chake, adyera pompano anzake akuona. Asiyatu, ndadula pakati. Mbali imodziyi timaitcha chiyani?"

Asiyatu ndiye anali mutu wa kalasi, mwana amene ankamaliza masamu mphunzitsi asanamalize kulemba funso. Anaimirira, anayang'ana chigumu, anayang'ana pansi.

"Kota, sala."

"Kota? Taonanso bwino."

"Kota, sala."

Ndinamva benchi ya kumbuyo ikulira. Ndinaloza Yusufu.

"Sindikuona bwino, sala."

Munthu wake anali pafupi moti akanatha kuchigwira osaimirira! Wachitatu anati mutu ukumuwawa. Wachinayi anati hafu ndi kota n'chimodzimodzi. Ngakhale ana ochepa achikhristu amene anali m'kalasimo anangoti ndwii, chifukwa ndani angatafune anzake akuyang'ana? Kalasi imene ndinalonjeza kuti idzaseka inali chete kuposa ya Mayi Kalonga.

Apa ndiye kuwerenga kwanga kunandithandiza kugwera m'dzenje lakuya. Ndinakumbukira kuti Asilamu ali ndi zakudya zoletsedwa, ndipo ndinati basi, ndalipeza vuto, anawa akukayikira zimene zili m'chigumumu.

"Musaope. Mulibe choletsedwa chilichonse. Ufa wa chimanga, nthochi, shuga pang'ono ndi soda, basi. Taonani, ndiyambe ine."

Ndinadula chigumucho magawo asanu ndi atatu, ndinatenga gawo limodzi, n'kuliika mkamwa. Ndinatafuna pang'onopang'ono ndikuyenda pakati pa magulu, maso otsinzina, ndikuti "Mmm!" chifukwa mabuku amati mphunzitsi azionetsa kuti akusangalala ndi phunziro lake. "Ndadya gawo limodzi mwa asanu ndi atatu. Atsala angati?" Ndinadya lachiwiri. Kamtsikana kena kanaphimba nkhope ndi kope. Lachitatu linandikakamira pakhosi, poti chigumu chogona chimauma, ndiye ndinatulutsa botolo la madzi n'kugugudiza mpaka theka, kenako n'kupuma mokweza ngati ng'ombe yochokera kudambo. Kumbuyo Mayi Kalonga anali ataika nsonga ya chitenje pakamwa, mapewa akugwedezeka. Ine ndinati mwina akutsokomola.

Nzeru yomaliza inali yakuti ana akaona wamkulu wa m'mudzi mwawo akudya, mantha atha. Ndinaika chidutswa pambale, ndinapita kumbuyo, ndinanjuta mwaulemu, n'kupereka ndi manja awiri.

"Amayi, tiyambireni."

Abiti Mussa sanakwiye. Akanakwiya bwenzi zitandipepukira. Anayang'ana mbale, kenako ine, n'kunena motsitsa mawu, koma m'chipinda muli zii aliyense anamva:

"Zikomo baba. Ndafunga."

"Mwafunga?"

"Tonse tafunga. Ramazani inayamba dzulo. Anawa sanalawe ngakhale dontho la madzi chiyambire m'bandakucha."

Ndinaima chomwecho, mbale m'manja, nyenyeswa zili pa tayi. Mukudziwa mmene munthu amafunira nthaka itang'ambika? Simenti ya m'kalasimo inali yong'ambika kale m'malo ambiri, koma panalibe mng'alu wondikwana. Ndinatembenukira kwa Asiyatu.

"Ndiye unkadziwa kuti ndi hafu?"

"Eya, sala. Koma ndikanakhoza mukanandipatsa. Ndiye kukana chinthu cha aphunzitsi n'chipongwe."

Mwana wa zaka khumi ndi zitatu analolera kuoneka mbuli pamaso pa ahedi kuti asandichititse manyazi, pamene ine ndinkamutafunira chigumu pamphuno.

Ndinayamba kupepesa, mawu osatuluka bwino, koma Abiti Mussa anali ataimirira kale. Anapita kutsogolo, analankhula ndi ana m'Chiyao mawu angapo amene anawaseketsa, kenako anabwerera ku Chichewa kuti nanenso ndimve.

"Chakudya sichinalakwe, yalakwa ndi nthawi. Aphunzitsi akubweretserani chofuturu, chomasulira kufunga madzulo. Gulu lililonse litenge chigumu chimodzi, mugawane mofanana, aliyense akulunge chake akadye dzuwa likalowa. Koma mofanana, mwamva? Wobera mnzake mwezi uno, kufunga kwake n'kwachabe."

Kalasi inaphulika. Yusufu, amene sankaona bwino uja, analumpha.

"Ayi amayi, sizoona! Chathu ndi chimene adya asala! Enawa ali ndi zathunthu, ife tatsala ndi magawo asanu mwa eyiti!"

"Ndiye titani?" anafunsa Abiti Mussa.

"Asala alavule!" anatero wina kumbuyo, ndipo ngakhale ahedi anaseka.

Asiyatu anapita pabolodi osatumidwa, anatenga choko patebulo, n'kujambula zozungulira zitatu. Anati zigumu ziwiri zathunthuzo zidulidwenso magawo asanu ndi atatu. Eyiti, eyiti, ndi faifi, zonse twente wani. Magulu atatu, lililonse seveni. Choncho magulu awiri aja apereke gawo limodzi limodzi ku gulu la Yusufu. Gulu lina linakana, linati awerengenso, ndipo anawerenga kachiwiri onse mokuwa. Kenako panabuka mlandu wa mmene magawo seveni angakwanire anthu makumi awiri ndi mmodzi. Anatulutsa marula, ena akuti dulani pawiri, ena akuti patatu, mnyamata wina amene sindinamumvepo akulankhula m'kalasi akufotokozera mnzake kuti gawo likadulidwa patatu limachepa koma chigumu sichichepa. Belu linalira, palibe anatuluka. Ine ndinali nditaima pakona ndi mpeni, ndikudula pamene andiuza.

Atamaliza kukulunga m'mapepala a m'makope, ndinawapepesa bwinobwino. Anayankha onse pamodzi kuti, "Palibe kanthu, sala!" ndi chisoni chenicheni, chonga chimene timamvera munthu wodwala.

Mu ofesi ahedi anatseka chitseko, Mayi Kalonga ali pomwepo akupukutabe misozi ya kuseka.

"Ndinati ana akasangalala n'kumva, kalasi ndi yanu. Asangalala, ndipo amva. Sindibweza mawu."

Ndinayamba kuthokoza, koma anakweza dzanja.

"Kungoti mu lipoti ndiyenera kulemba zoona. Polemba dzina la mphunzitsi ndiika Abiti Mussa."

"Nanga ine, ahedi?"

Mayi Kalonga ndiwo anayankha, mofatsa ndithu. "Pali mzere wa zipangizo zophunzitsira, achimwene. Mukwana pamenepo, pakati pa mpeni ndi rula."

Kalasiyo ndinaitenga, ndipo ndikuphunzitsabe ndi zinthu zogwirika, poti pamenepo sindinalakwe. Koma masiku ano ndimagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, timiyala ndi zingwe za ukonde wakutha, zinthu zimene ngakhale nditasokonezeka mutu chotani sindingazidye pamaso pa ana. Ndipo nzeru yatsopano ikandibwerera Lachisanu, ndimayamba ndakhala kaye pakhonde la Abiti Mussa n'kuwafotokozera yonse. Akangoti "Hmm, baba," ndimaisiya pomwepo.