Chipewa Choyera cha a Shefi

Ku Zóbuè kuli njira ina imene mpaka lero ndimailambalala, ndipo wolakwa ndine ndekha.

Malasha atayamba kukoka anthu, ndinatsikira ku Moatize n'kupeza ntchito yosenza matumba m'nyumba yosungiramo katundu. Osenzafe tinkavala zipewa zolimba zachikasu, akuluakulu zoyera. Abale anga, chipewa choyeracho ndinkachilota! Zaka zitatu ndikusenza, ndikudikira kuti wina aone khama langa, koma ayi ndithu.

Tsono kwathu ku Zóbuè kunali Rosita, mwana wa akatekisita. Ndinali nditamuuza kuti andikweza posachedwa (mawu akuti "posachedwa" sawola, ndinawagwiritsa ntchito zaka ziwiri). Loweruka lina makolo ake anati akufuna kundiona. Lachisanu poweruka ndinapeza chipewa choyera cha a shefi, abwana athu a Armando, chili pamsomali. Ndinati ndingobwereka, Lolemba chibwerera.

Ndinachivala m'shapa, minibasi yopita kwathu, ulendo wonse, thukuta lili kamukamu. Kwa a Rosita anandiyalira mkeka pakhonde, moyang'ana msewu.

"Ndiye muli ndi anthu angati pansi panu, bambo?" anafunsa akatekisita.

"Aa, osawerengeka," ndinatero. (Sindiname: pansi panga panalibe wowerenga.)

Tili pakati pa nkhani, tinamva phokoso kumtunda. Galimoto yaikulu ya simenti inali itathyoka chitsulo pachitunda, ndipo nditayang'anitsitsa ndinazindikira kuti ndi yathu. Ndinayang'ana kumbali. Koma akatekisita anaimirira. "Si ya kuntchito kwanu iyo? Tiyeni mukawalangize anyamata anu."

Tinapita tonse, Rosita pambuyo. Ndinayesa kuloza uku ndi uku ngati munthu wodziwa. Posapita nthawi kagalimoto kanaima, galimoto ina yaikulu ili pambuyo, n'kutsika a Armando eniake, kumutu kulibe chipewa.

"Iwe! Mulungu ndi wabwino, ndimasowa wosenza. Kwera, tisamutsire matumbawa m'galimoto inayo." Kenaka anandizungulira. "Tatembenuka. Dzina lili kumbuyoku ndi lako?"

Sindinadziwe kuti kumbuyo kwa chipewacho kunali dzina lawo, lolembedwa ndi utoto wofiira. Akatekisita, munthu wowerenga m'tchalitchi, anali ataliona kalekale, n'kungokhala chete.

Ndinasenza simenti mpaka dzuwa kupendeka, nditavala malaya anga a ukwati wa achimwene. Rosita anandibweretsera madzi m'kapu. "Mukanangobwera ndi chachikasu chija," anatero motsitsa mawu, n'kubwerera kwawo.

A Armando sanandichotse ntchito. Anaseka mwezi wathunthu, kenaka anati munthu wofunitsitsa chonchi aphunzire kuyendetsa kagalimoto kanyanga konyamula katundu. Ndi kamene ndimayendetsa lero.

Rosita anakwatiwa ndi woyendetsa galimoto za ku Malawi. Mwamunayo amabwera kuntchito kwathu kudzatenga katundu, ndipo ndimamupakira mosamala kuposa wina aliyense. Tikamacheza ndimamufunsa ngati ku Zóbuè mvula yagwa, ngati mbatata zachita bwino. Amayankha zonse, munthu wabwino ndithu. Funso lenilenilo ndimabwerera nalo kunyumba.