Nyale ya sola inandivulira apongozi

Mpaka lero ndikaona nyale ya sola mtima umandiwira, ndipo amene anandigulitsa uja asadzayerekeze kundipatsa moni.

Chinali chaka chija magetsi ankazima tsiku lonse, ufa nawo ukukwera mtengo sabata iliyonse. Kwathu ku Chawama akuba anachita kutizolowera. Anatibera dramu ya madzi, kenako mbaula, kenako buluku langa la ku tchalitchi pachingwe. Babu ya pakhomo inali yachabechabe, magetsi akapita nayonso inkapita. Ndinayesa nyale yotchaja, koma inkafa tambala asanalire (mlonda wogona msanga kuposa bwana wake). Ndiye wamalonda wina mumsika anandionetsa ya sola yokhala ndi kadiso.

"Ba bosi, iyi siyaka chabe-chabe," anatero. "Ikaona munthu ayenda ndiye iyaka. Kawalala azathawa yeka."

Ndinaipachika pamwamba n'kuilozetsa kuseri kwa nyumba kumene akuba ankalowera. Mutu wangawu sunakumbuke kuti kuseri komweko kuli bafa yathu ya masaka, yopanda denga.

Sabata yomweyo apongozi anga aakazi anabwera kuchokera ku Katete kudzathandiza mkazi wanga, amene anali woyembekezera. Mayi amenewa ndi achikale. Chikwatirire sitinayang'ananepo m'maso, tikakumana panjira wina amapatuka. Ngakhale kusamba ankadzukira m'bandakucha kuti mkamwini ndisawaone ndi ndowa m'manja.

Tsiku lachitatu m'bandakucha pazenera panawala ngwee. Ndinalumpha ndili ndi kabudula wogonera, mpini m'manja, ndikukuwa kuti "Kawalala! Kawalala!" Mawu oti kwabwera wakuba anthu a m'komboni sawamva kawiri. Anatuluka ndi miyala, ena ndi zikwanje. Ine, ngwazi yopusa, ndinafika koyamba n'kukoka saka lija mpaka linang'ambika.

Anali apongozi, thovu la sopo kumutu, akudzikulunga chitenje chonyowa. Tonse tinauma, nyale n'kuzima. Atati atole ndowa, chinthu chopanda ulemucho chinayakanso.

"Batate ba Dalitso, mwafuntha?" anakuwa mkazi wanga. "Ni bamai aba!"

Apongozi sanandiyankhule. Anauza mwana wawo, anthu onse akumva: "Uwauze amuna akowa kuti ndakalamba chonchi sindinavulidwepo pagulu. Longedza, ukachirira kwathu."

Anakwera basi m'mawa womwewo, onse ndi mwana wathu Dalitso yemwe. Ndinathamangira kumsika kuti ndikamulalatire wamalonda uja, iye n'kungondifunsa kuti, "Nanga siinayake?" Chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti sananame.

Ndaphunzira mochedwa kuti usanapachike nyale uziyamba waona chimene idzaunike. Mwana anabadwira ku Katete, ndipo ndinamva kwa mlamu wanga kuti ndi wamkazi. Akuti ndikamuona ndikakapepesa pamodzi ndi akuluakulu akwathu. Kupita ndipita, koma ndikakafika pakhomopo maso angawa ndikawaika pati?