Ndinaliona Denga la Tchalitchi cha ku Mehamn

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Ndege ya Mapiko a Kumpoto.

Olemekezeka Bwana,

Ndagwada, ngakhale mawondo anga anatha kale ndi kuimirira m'fakitale ya nsomba kuno ku Vardø. Ndalemba kuti ndithokoze.

Mwana wanga Solfrid anakwatiwa Loweruka lapitali ku Mehamn. Ine ndi mayi ake tinalekana iye akadali wamng'ono, choncho atandiimbira foni kuti, "Ababa, mudzandigwire dzanja ndinu polowa m'tchalitchi," ndinayamba ndakhala kaye pansi. Mayi akewo akuti anangoseka: "Ameneyo? Usataye nthawi, sabwera." Tsiku lomwelo ndinagula suti ndi tikiti yanu. Chikalata chanu chimati kuchoka kuno kukafika ku Mehamn mbalame siitopa n'komwe, ndi ulendo wa theka la ola. Ndinanyamuka Lachisanu m'mawa, keke yophika mlongo wanga Aslaug ili pamiyendo.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa kuti munthu wopita kumadzulo amayamba walowera kummwera. Kusukulu izi anatibisira. Tinatera ku Vadsø, kenako ku Kirkenes, kumene tinaswera ndi kugona podikira woyendetsa wina. Iyeyo sindimuimba mlandu. Nayenso ankabwera pa ndege yanu.

Chachiwiri, zikomo pondionetsa Mehamn. Ndinamuona ndithu, Loweruka m'mawa. Chifunga chinang'ambika pang'ono, ndipo pansi apo panali denga la tchalitchi, ndi magalimoto a anthu atayamba kale kufika. Tinazungulira, tinazunguliranso, mpaka woyendetsa anati, "Pepani okondedwa, tikatera ku Hammerfest." Chifunga si chanu, Bwana, ndikudziwa. Lachisanu kunja kunayera mbee, kungoti tsiku limenelo munali mutandisunga bwino ku Kirkenes.

Chachitatu ndi kapepala ka khofi waulere kamene munatipatsa ku Hammerfest. Ndi kokongola. Malo ogulitsira khofiwo anali otseka, koma kapepalako ndakasunga. Njala itatipweteka ndinatsegula keke ija, tinaidula ndi mpeni wa msodzi wina. Mayi wina wachikulire, amene nthawi yake yokaonana ndi dokotala wa mtima inali itadutsa dzulo lake, anati, "Bambo inu, imirirani, suti imeneyi isapite pachabe." Ndinaimirira. Anandiimbira nyimbo ya ukwati, anthu naomba m'manja. Ndi kampani iti ina imene imakonzera munthu phwando lotere?

Pa nthawi imeneyo Solfrid anali akulowa m'tchalitchi atagwidwa dzanja ndi mwamuna wachiwiri wa mayi ake. Ndinaona pa chithunzi. Ndi munthu wamtali, amaoneka bwino. Ndinatumizira Solfrid uthenga wofotokoza zonse, ndipo yankho linafika msanga, poti silinakwere ndege: "Musadandaule, Ababa. Amayi anali atandiuza kale."

Kwathu ndinafika Lolemba. Kuyambira pamenepo mwana wangayo foni yanga sakuyankha.

Sindikufuna kundibwezera ndalama, mungasauke. Pempho langa ndi laling'ono. Mukapeza kampata pa ntchito zanu zikuluzikuluzo, mumulembere Solfrid mawu awiri okha, akuti bambo ake ananyamuka. Ine sandikhulupirira, koma inu chidindo muli nacho. Kalatayo mupatse aliyense woyenda pansi amene akulowera ku Mehamn. Chonde musaikweze ndege. Ndikufuna ifike.

Ine kapolo wanu wokhulupirika, poti ndege ina kuno kulibe,

Torleif Bjerkeng
Vardø